Laputopu pa chapa ndi pa mota ku Angónia

Wophunzira zaulimi pa UniZambeze ku Ulónguè, kapena mlangizi woyendera alimi a mbatatesi ku Dómuè, akanyamula laputopu amakwera chapa (minibasi) kapena mota (njinga yamoto). Zonse ziwiri zimaononga makina, koma kaonongedwe kake n'kosiyana.

Chapa imaononga ndi kupanikiza. Pampando wa anthu atatu pamakhala anayi, ndipo kondakitala akaona chikwama amafuna achiponye kumbuyo komwe kuli matumba a kabichi ndi nyemba. Galasi la laputopu ndi lopyapyala; thumba limodzi likangotsamira pachivundikiro, mukatsegula mupeza banga lakuda layenderera kuchokera pakona. Choncho chikwama chikhale pamiyendo, ngakhale wina akunyogodoleni kuti, "Achimwene, kodi muli mazira m'menemo?"

Palinso kutentha. Kuchoka ku Ulónguè kutsika ndi msewu wa N304 mpaka pa Mussacama, kenako Moatize ndi Tete, ndi mtunda woposa makilomita 200. Mumanyamuka mutavala juzi, n'kukafika kuchigwa cha Zambezi komwe mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40. Batire simvana ndi moto wotere. Ambiri amangotseka chivundikiro osazimitsa, makina n'kudzuka okha m'chikwama, mopanda mpweya, n'kumadziphika ulendo wonse.

Mota njira zake ndi zina: kugwedeza, fumbi, mvula, ndi kugwa. Malaputopu akale ambiri, omwe ndi amene anthu amakwanitsa kugula, ali ndi hard disk, kambale kozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Kagwedezeni kakuzungulira pamsewu wa mabampu, singano ikanda mbale, ntchito ya chaka chonse yapita. Okhala ndi SSD alibe kanthu kozungulira, motero amapirirako, ngakhale galasi ndi mahinji zimavutikabe. Choipitsitsa ndi kulola woyendetsa amange chikwama ndi mphira pakeriyala ngati thumba la feteleza. Chitsulo chimapatsira bampu iliyonse ku makina, pomwe mukachibereka kumsana thupi lanu ndi limene limayamba kulandira. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi imaterera, mvula imabwera mosagogoda, ndiye laputopu ilowe kaye m'jumbo, kenako ikulungidwe m'chitenje, isanalowe m'chikwama.

Pa nkhani ya akuba, mota imaposa pang'ono masana, chifukwa muli awiri okha. Chapa imaima pamsika uliwonse, manja ogulitsa ndi osagulitsa omwe amalowera pazenera. Pachipata cha Calómuè, polowa ku Dedza, tsikani nacho chikwama podinditsa pasipoti. Mnzanu wapampando mwamudziwa lero lomwe. Chikwama chasukulu chothaitha chimabisa bwino kuposa chija chakuda cholembedwa HP kapena Dell pamwamba. Kukada, mota isiyeni.

Kwa ine, pomwe pali tala chapa ndiyo yabwino, pakuti mavuto ake munthu amawathetsa ndi manja ake: kuzimitsa, kufukata, kukana kuponya kumbuyo. Pa mota moyo wa makina uli m'manja mwa mnyamata wothamangira kasitomala wina. Koma midzi yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano chapa sifikako. Kumeneko muuzeni asananyamuke kuti ayende pang'onopang'ono, mumuonjezere kandalama ngati n'kofunika, ndipo fulashi yokhala ndi mafayilo anu ikhale m'thumba la thalauza, osati m'chikwama momwemo.