Chitopa Chimayenda Bwanji?

Ku Geisha, mumzinda wa Mzuzu, makola a nkhuku ngoyandikana, kotero kuti chitopa chikalowa pakhomo limodzi anansi sagona tulo. Kodi chimayenda bwanji?

Chitopa, chimene ena amati chideru, chimadza ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kotchedwa vairasi. Kachiromboka kamatuluka m'zitosi, m'mamina ndi mumpweya wa nkhuku yodwala. Inzake ikajompha pomwepo kapena kumwera m'mbale imodzi, basi yatenga. Choopsa nchakuti nkhuku imatha masiku 5 kapena 6, mwina kuposapo, isanaonetse kudwala. Mwini khola akaona ziwiri zafa amathamangira kumsika ndi zotsalazo (tisabise, ambirife tinachitapo), wogula nkuzinyamula panjinga zikuoneka zamphamvu, osadziwa kuti wagula maliro a khola lake. Nsapato, madengu ndi matumbo otayidwa kudzala nazonso zimafalitsa nthendayi.

Mankhwala ochiza palibe. Nkhuku yachilendo muisunge payokha milungu 2, yakufa muikwirire mozama. Katemera wa I-2, wopangidwa ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso miyezi 4 iliyonse. Kaonaneni ndi alangizi a ziweto nyengo yotentha isanafike.