KULAWITSA MALONDA A PA INTANETI NDI MPHOTHO YA WOLOZERA

Ana inu pamodzi ndi aphunzitsi anu, phunziro lathu la lero likunena za malonda amene sitingawagwire ndi manja, monga nyimbo, mabuku ndi maphunziro ofika pa foni kapena pa kompyuta kudzera pa intaneti.

Pamsika, mayi wogulitsa nshawa amalola munthu kulawa asanagule. Amalonda a pa intaneti nawonso amalawitsa. Amapatsa wogula masiku 7 kapena 30 kuti ayese katundu wao kwaulere kapena pa mtengo wocepa, ndipo masikuwo akatha, amayamba kulipira mtengo wonse mwezi ndi mwezi. Kampani ya mafilimu ya Netflix inkalawitsa mwezi wathunthu kwa zaka zambiri, koma inaleka mwambowu ku America m'caka ca 2020.

Pa malonda otere pamakhala munthu wacitatu, amene timucha wolozera. Iye alibe katundu wace. Nchito yace ndiyo kuyamikira katundu wa wina ndi kusonyeza anthu kumene angamugule. Munthu akagula, wolozera amalandira gawo la ndalamazo. Kampani ya Amazon inayamba kulipira olozera otere m'caka ca 1996.

Kodi mwini malonda amadziwa bwanji amene watumiza wogula? Wolozera aliyense amapatsidwa nambala yaceyace. Wogula akatsata njira imene walozeredwa, nambalayo imasungidwa m'foni mwace pa kacizindikiro kochedwa cookie, kamene Lou Montulli wa ku Netscape anakonza m'caka ca 1994. Kacizindikiroka kali ndi malire a nthawi: pa malonda ena kamawerengedwa kwa maola 24 okha, pa ena kwa mwezi.

Apa ndi pamene pagona bvuto. Ngati kulawa kutenga masiku 30, koma cizindikiro cimafa pakutha pa tsiku limodzi, ndiye kuti pa tsiku lolipira dzina la wolozera likhala litafafanizika kale. Iye analima, koma pokolola aiwalika.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti maphunziro a masamu agulidwa K50 pa mwezi, koma mwezi wolawa ndi K5 cabe, ndipo wolozera analonjezedwa gawo limodzi mwa magawo asanu. Wophunzira wina akhala miyezi 6, nalipira K255 yonse pamodzi. Wolozera akapatsidwa gawo la mwezi woyamba wokha, alandira K1. Akapatsidwa gawo la miyezi yonse, alandira K51. Kusiyana kwace ndi K50.

Wamalonda woona mtima amacita zinthu zitatu. Coyamba, amalemba nambala ya wolozera pambali pa dzina la wogula tsiku lomwelo limene kulawa kwayamba, kuti isatayike cizindikiro cikafa. Caciwiri, amanena poyera asanayambe ngati gawolo lidzaperekedwa kamodzi kapena mwezi ndi mwezi. Cacitatu, amaonetsa wolozera ciwerengero ca amene analawa ndi amene analipira.

Wolozera nayenso ali ndi udindo. Ayenera kuuza anthu kuti iye amalandira mphotho, ndiponso kuwacenjeza kuti kulawa kukatha, ndalama zimayamba kucotsedwa zokha ngati munthu sanaletse. Asadandaule ngati mphotho idikira kufikira wogula atalipira, pakuti ambiri amalawa koma osagula. Inu ana, musabvomere kulawa kulikonse pa foni popanda kufunsa makolo anu.

Aphunzitsi, lembani mafunso awa pa bolodi:

1. Kodi wolozera amagwira nchito yotani?
2. Wophunzira uja akakhala miyezi 10, wolozera alandira ndalama zingati?
3. Chulani anthu a kwanu amene amapezera anzao ogula. Kodi amalipidwa motani?