MAFILIMU ONYOZA YESU: KODI KUNYANYALA KUMATHANDIZA?

PETAUKE. — Mukayenda m'midzi ya ku Msanzala, kwa Mfumu Nyamphande kapena kwa Mfumu Sandwe, ngakhalenso m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Nyimba, ndi kufunsa anthu za filimu imene amaikumbukira koposa, mudzapeza oculuka amene adzachula ya Yesu. Amakumbukira cinsalu coyera comangidwa pa mitengo iwiri pa bwalo la sukulu, jenereta ikulira kumbuyo, ana atakhala pa fumbi kutsogolo, ndi azimai akubuma pamene asilikari anali kukhoma misomali. Cimene cinadabwitsa anthu koposa zonse ndi cakuti Yesuyo anali kulankhula Cinyanja.

Filimu imeneyo inatuluka m'caka ca 1979. Inajambulidwa m'dziko la Israel, nkhani yake inatengedwa m'buku la Luka, ndipo amene anasewera ngati Yesu anali Mngelezi wochedwa Brian Deacon. Bungwe la ku America la Campus Crusade for Christ, limene mtsogoleri wake anali Bambo Bill Bright, ndilo linaifalitsa pa dziko lonse, kotero kuti lero yamasuliridwa m'zinenero zoposa 2,000. Dzina la Bambo Bright mulisunge, pakuti tikumana nalonso posacedwa.

Koma si mafilimu onse onena za Yesu amene Akhristu anawalandira ndi manja awiri. Alipo ena amene anawalandira ndi mkwiyo, namemezana kuti pasapezeke Mkhristu ndi mmodzi yemwe wogula tikiti. Kumeneko ndiko kunyanyala, cida comwe cija anagwiritsa nchito makolo athu m'masiku a Federation, pamene anakana kugula m'masitolo ndi m'mabucha amene anali kugulitsira anthu akuda pa kazenera ka kumbali.

FILIMU IMENE INAUTSA MAPIRI PACIGWA

Mkangano waukulu koposa unabuka m'caka ca 1988 cifukwa ca filimu yochedwa The Last Temptation of Christ, ndiko kuti ciyeso cotsiriza ca Khristu. Anaipanga ndi Bambo Martin Scorsese a ku New York, munthu amene analeredwa m'mpingo wa Katolika ndipo pa unyamata wake anafunapo kukhala wansembe. Nkhani yake sanaitenge m'Baibulo, koma m'buku lopeka la Mgiriki wina, Nikos Kazantzakis, ndipo mau onena zimenezi analembedwa pa ciyambi peni-peni pa filimuyo.

M'filimumo Yesu amaoneka ngati munthu wamantha ndi wokayika. Ali pa mtanda, Satana amabwera m'maonekedwe a kamtsikana kodzicha mngelo, namuuza kuti wavutika kokwanira, atsike. Iye amatsika, nakwatira Mariya wa Magadala, ndipo Mariyayo atamwalira amabala ana ndi alongo ake a Lazaro, nakalamba monga munthu wamba. Kumapeto amazindikira kuti zonsezi zinali cinyengo ca Woipayo, nazikana, nabwerera kukafa pa mtanda. Opanga filimu anati colinga cao cinali kuonetsa kukula kwa nsembe ya Yesu. Akhristu oculuka anati ai, kumeneku ndi kucitira mwano Mwana wa Mulungu, makamaka pamene amaonetsedwa ali m'cipinda ndi mkazi.

Kuwawa kwa mtima kumeneku sikofunika kukupeputsa. Kwa munthu wokhulupirira, Yesu si munthu wa m'nthano ai, ndiye Mbuye wake. Ziri monga kupeza cithunzi conyazitsa ca amai ako citapacikidwa pa msika wa Petauke, wina ndi kumakuuza kuti usakwiye, limeneli ndi luso cabe.

Poyamba kukana kwa Akhristu kunagwira nchito. M'caka ca 1983 kampani ya Paramount, imene inafuna kupanga filimuyi, inaileka italandira makalata oculuka odandaula. Patapita zaka kampani ina, ya Universal, inaitola. Apa ndi pamene Bambo Bill Bright aja anatulukira ndi maganizo acilendo: anapempha kuti kampaniyo iwagulitse filimu yonse, iwo abweze ndalama zimene zinaonongedwa poipanga, kenaka aiononge. A Universal anayankha m'manyuzipepala kuti ufulu wolankhula sugulitsidwa. Pa 11 Ogasiti 1988 anthu pafupi-fupi 25,000 anaguba pa zipata za kampaniyo ku Los Angeles, atanyamula mitanda ndi zikwangwani. Filimu inayamba kuonetsedwa mmawa mwake, pa 12 Ogasiti. Izi zitanthauza kuti khamu lonselo linaguba lisanaione. Cimene ambiri anamva cinacokera m'mapepala akale a seweroli amene anali kuyenda m'manja mwa abusa, ndipo akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Nanga cinatsatira nciani? M'mizinda yocepa imene filimuyo inayambira, anthu anaima pa mizere italiitali, ena a iwo atakopeka ndi phokoso lomwelo. Komanso makampani ena akulu-akulu okhala ndi nyumba za kanema anakana kuionetsa, ndipo kampani yobwereketsa mavidiyo ya Blockbuster inakana kuiika m'masitolo ake. Filimu imene inadya madola pafupi-fupi 7 miliyoni inabweza pafupi-fupi 8 miliyoni m'dziko la America. Mbali zonse ziwiri zinapita kwao zikunena kuti zapambana.

Ku France zinthu zinafika poipa. Usiku wa pa 22 Okutobala 1988, anyamata a kagulu kena ka Akatolika ouma mitima anayatsa moto m'nyumba ya kanema ya Saint-Michel mu mzinda wa Paris anthu ali m'kati. Anthu 13 anavulala, anai a iwo anapsya kwambiri. Kadinala Jean-Marie Lustiger, mkulu wa mpingo wa Katolika mu Paris, amene iye mwini anali atatsutsa filimuyo poyera, anadzudzula oyatsa motowo ndi mau amphamvu. Ndipo kunali koyenera kutero. Onse amene anaphunzira ku Minga, ku Merwe kapena ku Hofmeyr adziwa cimene Petro anauzidwa atadula khutu la kapolo wa mkulu wa ansembe. Kuyambira usiku umenewo manyuzipepala analeka kukamba za mwano wa filimu, nayamba kukamba za Akhristu otentha anzao.

Maboma ena, monga a Chile, Argentina, Mexico, Philippines ndi Singapore, anasankha njira ina, yoletsa filimuyo mwa lamulo. Ku Chile mlandu unapita mpaka ku khoti loona za ufulu wa anthu m'maiko a America, limene mu 2001 linagamula kuti ciletsoco cinali colakwa. Dzikolo linasintha malamulo ake, ndipo mu 2003 filimu inaonetsedwa.

Alipo mafilimu enanso awiri oyenera kuwachula mwacidule. Life of Brian, filimu yanthabwala ya ku Britain ya mu 1979, yonena za munthu amene anthu anamuyesa Mesiya, inaletsedwa ku Ireland ndi ku Norway, ndipo amalonda a ku Sweden anasandutsa ciletso ca ku Norway kukhala coitanira anthu. The Da Vinci Code ya mu 2006, imene imanena kuti Yesu anasiya mbumba pa dziko ndipo mpingo unabisa, inatsutsidwa ndi Arkibishopu Angelo Amato wa ku Vatican, amene anapempha Akatolika kuinyanyala, ndiponso Kadinala Francis Arinze wa ku Nigeria, amene anakamba zopita ku khoti. Inapeza madola oposa 750 miliyoni.

KUNO KWATHU

M'dziko lathu lino nkhani yosankhira anthu coonera ndi yakale, ndipo mipingo inalimo kuyambira pa ciyambi. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la amishoni la International Missionary Council linatumiza lole yoonetsa mafilimu ophunzitsa m'maiko a kuno, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Ku Migodi, kumene amuna ambiri a ku Petauke anapita kukagwira nchito, boma la atsamunda linali ndi komiti yapadera yodula mafilimu oonetsedwa kwa anthu akuda okha, poganiza kuti munthu wakuda sangathe kusiyanitsa sewero ndi zoona. Anali kudula mpaka nkhani ndi kusowa mutu wake, koma anyamata a m'makomboni anali kukhamukirabe kukaona makauboyi, amene onse anali kuwacha Jeke. Tikamapempha Boma kuti litiletsere filimu, tizikumbukira kuti mpeni umenewu unayamba wagwiridwapo ndi anthu amene anatiyesa ana.

Pa 29 Disembala 1991 Mtsogoleri wa dziko, Bambo Frederick Chiluba, analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mau amenewa analowa m'malamulo akulu a dziko mu 1996. Kuyambira pamenepo mipingo yakhala ndi poimira pamene ikudandaula. Komabe madandaulo akulu a kuno sanakhale onena za nkhope ya Yesu m'filimu, koma za makhalidwe oonetsedwa pa wailesi ya kanema. Mu 2003 atsogoleri ena a mipingo anapempha kuti ZNBC ileke kuonetsa Big Brother Africa, pulogramu imene anyamata ndi atsikana 12 a maiko osiyana-siyana anatsekeredwa m'nyumba imodzi ku Johannesburg, makamera akuwajambula usana ndi usiku. Ku Malawi Nyumba ya Malamulo inailetsa ndithu, koma Khoti Lalikulu linacotsa ciletsoco. Kuno sinaletsedwe, ndipo mapeto ake anali oseketsa: amene anapambana madola 100,000 anali mwana wa Zambia, Cherise Makubale wa ku Kitwe, ndipo anthu anamulandira ndi nthungululu. Mu Febuluwale 2019 Nduna yoona za zipembedzo pa nthawiyo, Abusa Godfridah Sumaili, inadzudzula pulogramu ya Lusaka Hustle ya pa Zambezi Magic ponena kuti ikulimbikitsa mathanyula, ndipo bungwe loyang'anira mawailesi la IBA linalamula kampani ya MultiChoice kuiimitsa. Unduna umenewo unathetsedwa mu 2021.

Lamulo loteteza cipembedzo lilipo. Buku la milandu la Penal Code, kuyambira ndime 128 kufikira 131, limaletsa kuononga malo opembedzera, kusokoneza mapemphero, kudetsa manda, ndi kunena mwadala mau opweteka munthu pa cikhulupiriro cake. Koma owerenga adziwe kuti lamuloli silinalembedwere Akhristu okha. Limateteza Msilamu wa m'tauni ya Petauke mofanana ndi mkulu wa mpingo wa Reformed, pakuti malamulo akulu omwewo amene amacha Zambia dziko la Cikhristu amalonjezanso ufulu wa cikumbumtima kwa munthu aliyense.

FILIMU YALOWA M'THUMBA

Cimene casintha zonse ndi foni. Mu Disembala 2019 gulu la anthabwala la ku Brazil lochedwa Porta dos Fundos linatulutsa filimu yoonetsa Yesu ali pa cibwenzi ndi mwamuna mnzake. Sinapite ku nyumba ya kanema iri yonse, inaikidwa pa intaneti kudzera pa Netflix. Anthu pafupi-fupi 2 miliyoni anasaina kalata yoikana, ena anaponya mabomba a petulo pa ofesi ya gululo ku Rio de Janeiro pa 24 Disembala, ndipo woweruza wina analamula kuti icotsedwe. Khoti lalikulu koposa m'dzikomo linakana lamulo limenelo mu Januwale 2020. Panalibe cipata coti anthu akagubepo, cifukwa aliyense anali ndi nyumba yake ya kanema m'dzanja.

Ndi mmenenso ziriri ku Msanzala lero. Kale filimu inali kubwera ndi galimoto la a zofalitsa nkhani za Boma kapena la mpingo, mfumu itadziwitsidwa, mudzi wonse ndi kuonera pamodzi, agogo ali pomwepo. Tsopano imabwera pa kamemore khadi kocepa ngati cikhadabo, kodzazidwa pa kantemba ka ku Petauke kapena ku Nyimba, ndi kuonetsedwa m'tinyumba ta mavidiyo toyendera sola, kumene mwana amalowa ndi kandalama ka m'thumba. Ena mwa mafilimu amenewa amabwera atamasuliridwa kale ndi anyamata amene amalankhula pamwamba pa mau eni-eni, naonjezapo nthabwala zao zimene mwini filimu sanazilote nkomwe.

Apa ndi pamene pali ngozi yathu, ndipo ndi yosiyana ndi ya ku Paris kapena Los Angeles. Munthu amene anayamba kuona filimu pa cinsalu cija ca pa sukulu anazolowera kuti akaona mwamuna wa ndevu wobvala mkanjo woyera, ndiye kuti akuona Uthenga Wabwino. Mau a Cingelezi olembedwa pa ciyambi, onena kuti nkhaniyi ndi yopeka, amadutsa osawerengedwa. Cotero mwana angathe kutuluka m'kanyumba ka vidiyo akukhulupirira kuti Baibulo limanena kuti Yesu anakwatira. Mwana wotere kuguba ndi zikwangwani sikungamuthandize. Afunika munthu womuuza kuti amene anamuona ndi Willem Dafoe, wosewera wa ku America amene analipidwa, monga momwe wa pa cinsalu ca pa sukulu anali Brian Deacon, ndi kuti filimu iri yonse, yabwino kapena yoipa, iri ndi mwini wake, buku limene inacokera, ndi cimene mwiniyo anafuna. Pa zimenezi aphunzitsi a katekisimu ndi a Sande sukulu ali ndi nchito imene sanaiyambe kweni-kweni, ndipo tinene mosabisa kuti ena a iwo sanalowepo m'kanyumba ka vidiyo kuti aone cimene ana ao amaonera.

Mkhristu ali ndi ufulu wonse wokana kuonera, wokana kupereka ndalama yake, ndi wouza abale ake cifukwa cimene wakanira. Pa cimeneci safunika cilolezo ca Nduna kapena ca khoti. Ndipo anthu a kumudzi ali ndi mwai umene anzao a ku Los Angeles analibe. Iwo aja anali kukuwira zipata za kampani imene eni ake sanawaonepo ndi maso. Koma mwini kanyumba ka vidiyo pa msika wa kwanu mumamudziwa dzina, mumadziwa amalume ake ndi munda wake, ndipo kawiri-kawiri pa Sondo amakhala nanu pa benchi limodzi.