CILANGO CA NCHITO M'MALO MWA NDENDE: M'MENE ACITIRA KU AMERICA MUNTHU AKAKHALA KUTALI NDI KHOTI

Si munthu ali yense wopezeka wolakwa m'khoti amene apita ku ndende. Mlandu ukakhala waung'ono, woweruza akhoza kulamula kuti wolakwayo agwire nchito yothandiza anthu kwa maora akuti-akuti wosalandira malipiro. M'Cingerezi cilango cimeneci aciti Community Service. Munthuyo agona kwace, asamala ana ace, ndipo Boma silitaya ndalama kumdyetsa m'ndende.

Cilango ici cinayamba kudziwika m'caka ca 1966 ku Alameda County m'cigawo ca California ku America, kumene oweruza anayamba kucipereka kwa anthu olakwira malamulo a pa mseu amene analibe ndalama za faindi. Ku England lamulo lace linapangidwa mu 1972, ndipo m'Malawi muno makhoti anayamba kucipereka m'caka ca 2000. Koma ku America kuli bvuto lina limene aphunzitsi ndi owerenga ena angakonde kulimva, cifukwa lionetsa m'mene malamulo a dziko lalikululo ayendera.

DZIKO LIMODZI, MALAMULO AMBIRI

Dziko la United States of America lili ndi zigawo 50 zochedwa States. Cigawo ciri conse cili ndi Bwanamkubwa wace, nyumba yace ya malamulo, makhoti ace ndi ndende zace. Zina ndi zazikulu ndithu: Texas yekha aposa Malawi kasanu. Kucokera ku California kufika ku New York ndi ulendo wa mamailosi oposa 2,000.

Tsono munthu wokhala ku Georgia akhoza kupita ku Florida kukaceza, nalakwira lamulo la pa mseu komweko. Khoti la ku Florida limlamula, mwa citsanzo, kugwira nchito maora 50. Koma nyumba yace, mkazi wace ndi nchito imene adyera zili ku Georgia. Akakhala ku Florida kufikira atatsiriza, acotsedwa nchito ndipo ana ace agona ndi njala. Akangobwerera kwao osanena, waphwanya lamulo la khoti. Nanga acite ciani?

MPHAMVU ILI NDI KHOTI LOWERUZA

Cinthu coyamba kucidziwa ndi ici: mlandu ukhala m'manja mwa khoti limene linauweruza. Wolakwa sangathe kudzisankhira yekha malo ogwirako nchito. Ayenera kupempha kwa woweruza, kapena kwa ofisala amene khoti lamuika kuti amuyang'anire, ndipo apemphe asanayambe nchito. Nthawi yabwino koposa ndi tsiku lomwelo la ciweruzo, pamene iye kapena loya wace angathe kuuza woweruza kuti kwao ndi kutali.

Akaloledwa, aonetsetse kuti cilolezoco calembedwa pa pepala. Mau a pakamwa aiwalika, ndipo ofisala wa lero akhoza kusamutsidwa mawa. Munthu amene agwira nchito kwao popanda cilolezo angapeze kuti khoti lakana kuwerenga maora ace onse, ndipo thukuta lace lapita pacabe.

KUPEZA MALO OYENERA

Pa milandu yaing'ono, kawiri-kawiri wolakwa apeza yekha malo kwao nawachula kwa khoti kuti liwabvomereze. Malo amene makhoti akonda ndi a Boma kapena a mabungwe osafuna phindu: kogawira cakudya kwa osauka, kogona anthu opanda nyumba, kosungira mabuku, ndiponso m'miseu ndi m'mabwalo a tauni kumene atola zinyalala. Makhoti ambiri salola kuti munthu agwire m'sitolo ya malonda, kapena kuti mbale wace akhale womuyang'anira, cifukwa mbale angalembe maora amene sanagwiridwe.

Tsiku liri lonse woyang'anira pa malopo alemba nthawi yofika ndi nthawi yoweruka, nasaina dzina lace. Nchito ikatha alemba kalata pa pepala la bungwelo yonena masiku, maora ndi mtundu wa nchito. Kalatayi ifike ku khoti tsiku loikika lisanapite, ndipo munthu wanzeru asunga kope lace. Kulemba maora abodza ndi mlandu wina, umene ungakhale waukulu kuposa woyamba uja.

PANGANO LA ZIGAWO ZONSE

Pa milandu yaikulupo, nchitoyi ikhala mbali imodzi cabe ya cilango. Wolakwa akhala kunja kwa ndende koma ali pansi pa ofisala kwa miyezi kapena zaka, ndipo sangasamuke popanda cilolezo. Cifukwa ca anthu otere zigawo zinapangana pangano m'caka ca 1937 kuti zizithandizana kuwayang'anira. Anthu osamuka atacuruka, panganolo linaoneka kuti lacepa mphamvu, ndipo mu 2002 linalowedwa m'malo ndi latsopano lochedwa Interstate Compact for Adult Offender Supervision. Zigawo zonse 50 zinalowamo, pamodzi ndi District of Columbia, Puerto Rico ndi U.S. Virgin Islands.

Malamulo a panganoli akuti munthu wofuna kukhala m'cigawo cina masiku oposa 45 otsatizana ayenera kusamutsidwa mwa dongosolo. Amene apempha si wolakwayo ai, koma ofisala wa cigawo cimene cinamuweruza. Cigawo colandira cipatsidwa masiku 45 kuti cifufuze ngati nyumba imene wachula iripodi, ngati abale ace afuna kumlandira, ndiponso ngati ali ndi njira yopezera cakudya. Kupatula ocepa amene apatsidwa cilolezo capadera, wolakwa adikira yankho asananyamuke.

Cigawo colandira sicingakane munthu amene watsala ndi miyezi itatu kapena kuposa, amene wakhala akumvera malamulo, ngati kwao kweni-kweni ndi komweko, kapena ngati ali ndi abale omusunga ndi njira yodzipezera zosowa. Ena onse cikhoza kuwalandira kapena kuwakana monga ciona. A milandu yaing'ono alowa m'panganoli pokha-pokha ngati alamulidwa kuyang'aniridwa caka cathunthu kapena kuposa, ndipo mlandu wao ndi wobvulaza kapena kuopseza munthu, wa mfuti, woyendetsa galimoto ataledzera kaciwiri, kapena wa cigololo cokakamiza ndi ina yonga imeneyo.

Akalandiridwa, ofisala wa kwao amuyang'anira monga ayang'anira olakwa a komweko, namuonetsa kogwira maora ace. Koma mlandu ukhalabe wa cigawo coyamba. Iye akayamba mwano, cigawoco cili ndi mphamvu yomtenganso.

WOLEPHERA AONA ZOTANI

Munthu akapitiriza tsiku loikika osatsiriza, khoti limuitana kuti afotokoze. Akapanda kubwera, woweruza atulutsa kalata yomgwira. Kukhala m'cigawo cina sikumbisa, pakuti apolisi a zigawo zonse auzana maina a anthu ofunidwa, ndipo wina agwidwa patapita zaka pamene aimitsidwa pa mseu cifukwa ca kanthu kena. Pamenepo woweruza akhoza kuonjeza maora, kulamula faindi, kapena kumtumiza ku ndende imene anaipulumuka poyamba.

Koma amene wadwala, kapena wapeza bvuto lina loona, alembere khoti nthawi isanathe napemphe masiku ena. Oweruza amva msanga munthu wodza yekha kusiyana ndi wodza atagwidwa.

PHUNZIRO LACE

M'Malawi malamulo a milandu ndi amodzi kucokera ku Chitipa kufika ku Nsanje, cotero pangano lotere silifunika pakati pa maboma. Komabe mutu wa nkhaniyi ndi womwewo kuli konse. Munthu wolamulidwa kusesa pa cipatala kapena pa sukulu, akafuna kusamuka, ayambe wauza ofisala womuyang'anira ndi kudikira yankho la khoti. Mafumu, aphunzitsi ndi abale acita bwino kumkumbutsa zimenezi, cifukwa maora amene atsala osagwiridwa ndi ngongole, ndipo khoti siliiwala.