Mayi Ann Richards: Kuchokera ku Khonsolo Kufikira pa Ubwanamkubwa

Dziko la United States of America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo ndi Bwanamkubwa wake wosankhidwa ndi anthu. Zigawozi nazonso n'zogaŵika m'maboma ang'onoang'ono. Chigawo cha Texas chokha chili ndi maboma otere 254. Mayi Ann Richards adayambira ntchito yawo m'boma limodzi mwa ameneŵa, nakwera kufikira pa mpando waukulu wa chigawo chonse.

Mayiŵa adabadwa m'chaka cha 1933 kufupi ndi mzinda wa Waco. Adakwatiwa akuphunzira pa Baylor University, kenaka adakhala mphunzitsi nabereka ana anayi. Kwa zaka zambiri ntchito yawo pa ndale idali yothandiza ena kukopa anthu pa nthaŵi ya chisankho.

Anzawo adapempha amuna awo kuti apikisane nawo pa mpando wa m'khonsolo ya boma la Travis County, kumene kuli mzinda wa Austin. Bamboŵa atakana, mayiŵa adaima okha m'chaka cha 1976, nagonjetsa mwamuna amene adakhalitsa pampandopo. Khonsolo yotere imayang'anira misewu, milatho ndi kagaŵidwe ka ndalama za msonkho. Kumeneko n'kumene adaphunzira kuti munthu wamba amayesa boma poona msewu wa kwawo.

Komatu panali chinthu chimene chikadaononga zonse. Mayi Richards adali atagwidwa ukapolo ndi moŵa. M'chaka cha 1980 abale ndi abwenzi adaŵakhazika pansi naŵauza zoona. Paja akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Iwo adamvera, napita kukalandira chithandizo, ndipo adaleka moŵa kwa moyo wawo wonse. Nkhaniyi sadaibise.

Anthu sadaŵataye. M'chaka cha 1982 adaŵasankha kukhala Msungichuma wa Texas, ndipo panali patapita zaka 50 mkazi asadasankhidwepo pa udindo wa chigawo chonsecho. Iwo adakonza zoti ndalama za boma zizifika msanga ku banki kuti zizibala chiwongoladzanja. M'chaka cha 1990 adapambana chisankho cha Bwanamkubwa, ngakhale opikisana nawo ankakumbutsa anthu za mbiri yawo yakale.

Atakhala pampando mu 1991, adapatsa maudindo amayi ambiri, anthu akuda ndi anthu a mtundu wa ku Mexico, amene kale ankangoonerera za boma ali patali. Adakhazikitsanso m'ndende chithandizo cha akaidi ogwidwa ndi moŵa ndi mankhwala ozunguza bongo, podziŵa kuti wotuluka m'ndende asadachire sachedwa kubwereramo. Pochezera akaidiwo ankaŵauza poyera kuti nawonso adadwalapo nthenda yomweyo.

Mu 1993 adakana kusaina lamulo lokhudza nkhani yolola anthu kuyenda ndi mfuti zobisa, chinthu chimene chidakwiyitsa ambiri. Chaka chotsatira adagonja pa chisankho kwa George W. Bush, nasiya udindo mu 1995.

Mayi Richards adamwalira ndi nthenda ya khansa m'chaka cha 2006 ali ndi zaka 73. Mu 2007 mumzinda wa Austin mudatsegulidwa sukulu ya atsikana yotchedwa dzina lawo, yophunzitsa ana aakazi kudzakhala atsogoleri.