Khadi langa la inshuwalansi linakanidwa pa windo la cipatala

Ukakhala pa mpando wakumbuyo mu basi ya ku Chilenje, umamva nkhani zonse za mu Lusaka. Pa Cisanu tikucoka pa Kulima Tower, mai wina anali pa foni: "Manje nifuna cabe kugula inshuwalansi ya private, nalema na mizele ya ku kiliniki." Ndinafuna kuwalankhula, koma anaselukila pa Kabwata. Amai, ngati muwelenga, nkhani iyi ndi yanu.

Ine ndinagula caka catha. Mnyamata wina wa tayi anabwela ku nchito kwathu. "Mudala, K700 cabe pa mwezi, imwe, ba madamu na bana babili. Mukadwala, muonetsa cabe khadi." Mapepala anali ambili, Cizungu cake ca maloya. Ndinasaina osawelenga.

Patapita miyezi itatu, mkazi wanga BP inakwela usiku. Tinathamangila ku cipatala ca private, ine khadi m'manja, mtima uli m'malo. Mtsikana wa pa windo anayang'ana pa kompyuta, kenako anayang'ana ine. "Ba ankolo, iyi BP benze nayo kudala mukalibe kulembetsa. Kampani siilipila caka coyamba." Ndinatulutsa K2,300 ya lendi. Mawa lake ndinatsegula mapepala aja, ndipo zonse zinalembedwa pa tsamba 6. Palibe anandinamiza. Ndine sindinafunse.

Coyamba, dziwani zimene muli nazo kale. Ngati muli pa nchito yolembedwa, yang'anani pa payslip. Kucokela mu October 2019, NHIMA imadula 1 peresenti pa malipilo anu, abwana naonso amaikapo 1 peresenti, malinga ndi lamulo la mu 2018. Mungalembetsepo mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana, ndipo ogulitsa pa msika ndi oyendetsa mabasi naonso amaloledwa kulowa. Mukagula ya private, NHIMA siileka kudula. Ndiye dzifunseni: ndalama yaciwili iyi indigulila ciani cimene ndilibe?

Ngati mwaganiza zogula ndithu, musasaine musanamve mayankho a mafunso awa.

Ndidzayembekeza miyezi ingati khadi lisanayambe kugwila nchito? Ngozi ya pa mseu kambili amalipila kuyambila tsiku loyamba, koma za ucembele ndi opaleshoni yokonzekela zimakhala ndi nthawi yodikila. Mai akalembetsa ali ndi pakati kale, angadzipeze akulipila yekha.

Nanga matenda amene ndili nao kale? BP, shuga, asima: achuleni onse pa fomu. Mukabisa, kampani ili ndi mphamvu yokana kulipila tsiku limene mudzaifuna kwambili.

Malile ake ndi zingati pa caka? Ndalama ya kuonana ndi dokotala ili payokha, ya kugonekedwa payokha, ya mano ndi magalasi payokhanso. Ya mankhwala ikatha mu June, mpaka caka cithe mudzagula ndi ya m'thumba.

Ndi zipatala ziti zimalandila khadi ili? Pemphani mndandanda wolembedwa. Ngati mukhala ku Matero koma zipatala zonse zili ku Woodlands, ganizilani mwana akatentha thupi pakati pa usiku. Funsaninso ngati afunika kuimbila kampani asanakugonekeni, ndiponso ngati pali gawo limene mudzalipila nokha.

Nanga ndikalephela kulipila mwezi umodzi? Januwale amabwela ndi mafizi a sukulu. Ena khadi amalitseka, ndipo mukabwelela mungayambenso kudikila.

Comaliza, makampani a inshuwalansi ndi mabroka amapatsidwa laisensi ndi Pensions and Insurance Authority, PIA. Funsani laisensi. Ndalama lipilani ku akaunti ya kampani, mutenge lisiti. Wina akati "tumizani pa namba yanga," bwezani foni m'thumba.

Ine sindinaleke kulipila. Caka cinakwana, ndipo mwezi watha mankhwala a mkazi wanga tinatenga osatulutsa ngakhale ngwee. Koma lendi ija ndinaibweza miyezi itatu, ba landilodi osandiyankha moni.

Mu basi timafunsa kondakitala kuti "ni zingati?" tisanakhale pansi, cifukwa ca K2 cabe. Pa K700 ya mwezi ndi mwezi, amai, funsani mpaka wa tayi atuluke thukuta.