Za Mankhwala Osagula Amene Ali m'Miyendo Yathu

Abale athu okondedwa a ku Chikangawa, a pa boma la Mzimba, ndi a m'midzi yonse ya kumwera kwake, mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene makolo athu sanachiyese mankhwala konse, pakuti chinali cha masiku onse monga madzi ndi moto. Tikunena za kuyenda pansi.

Dziko lathu lino linamangidwa ndi anthu a miyendo yolimba. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo ana awo anadzakhazikika kuno atayenda zaka zambiri. Pambuyo pake amuna ochuluka a ku Mzimba ankapita pansi ku Harare, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Salisbury, ena mpaka ku migodi ya ku Johannesburg, atasenza mphasa ndi kamba wa pa njira. Nawonso ansembe amene anatsegula mishoni ya Katete m'chaka cha 1938, pamodzi ndi aphunzitsi awo, ankayendera midzi pansi kapena pa njinga yopalasa. Koma lero njinga yamoto ya kabaza ikudikira pa mphambano, ndipo munthu wa mphamvu zake amalipira kuti amufikitse ku msika kumene akukuona ndi maso. Sitinyoza kabaza ayi, pakuti wafikitsa odwala ambiri ku chipatala nthawi yabwino. Tingodandaula kuti miyendo yayamba kuiwala ntchito yake.

Tsono imvani chimene chatichititsa mantha. M'chaka cha 2009 a Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la WHO, anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi monse, napeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa. Nthendayi siwawa poyamba. Imabwera mwakachetechete, kufikira tsiku limene bambo agwa pakhomo, mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Pamenepo munda ugonera, ana aleka sukulu, ndipo mayi asanduka wodwazika zaka zambiri.

Kodi kuyenda kungathandize bwanji? M'chaka cha 1953 dokotala wina wa ku London, dzina lake Jeremy Morris, anafalitsa zimene anapeza pakati pa antchito a mabasi osanja a mumzindawo. Oyendetsa ankakhala pa mpando tsiku lonse, pamene makondakitala ankakwera ndi kutsika makwerero podula matikiti. Basi inali yomweyo, msewu womwewo, koma nthenda ya mtima inkagwira oyendetsa koposa anzawo aja. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu akamayenda, mtima umazolowera ntchito ndi kulimba, ndipo mitsempha ya magazi imamasuka. Minofu ya m'miyendo imatenga shuga m'magazi ndi kumugwiritsa ntchito monga moto udya nkhuni. Ndicho chifukwa chake kuyenda pang'ono titadya nsima kumathandiza odwala shuga. Mafupa amalimbanso, tulo timabwera bwino, ndipo nkhawa imapepuka.

Nanga muyeso wake ndi wotani? A WHO analangiza m'chaka cha 2020 kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku masiku asanu, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 tsiku lililonse. Yendani mwandawala, kuti thupi lifunde ndi mpweya ufulumire, koma mukhozebe kulankhula ndi mnzanu. Amene simunazolowere yambani ndi mphindi 10, nimuonjezere sabata ndi sabata, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mawu awa sitikunena kwa amayi amene alawirira kukatunga madzi, kupita kumunda, ndi kubwerako ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Iwo ayenda kale mokwanira, ndipo chimene asowa ndi wowalandira katundu. Tikunena kwa inu a m'sitolo, alembi, oyendetsa malole a matabwa, anyamata otandala pa bawo, ndi agogo amene ana anu, chifukwa cha chikondi, akukuletsani kudzuka pa mkeka. Ana inu, musamange makolo anu ndi chifundo chotere. Apatseni ndodo, nimuyende nawo kukaona abale.

Malo oyendamo tili nawo. Nkhalango ya paini ya pa Viphya, imene inafika mahekitala 53,000 isanachepe ndi moto ndi macheka, ili ndi tinjira tambiri ndi mphepo yozizira bwino. Koma chenjerani ndi zinthu zitatu. Choyamba, pa msewu wa M1 yendani ku dzanja lamanja kuti muziona magalimoto obwera, ndipo kukachita nkhungu ya m'mawa valani choyera. Chachiwiri, m'chilimwe musalowe m'nkhalango kumene kukufuka utsi. Chachitatu, mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, imani, ndipo pitani ku chipatala. Wodwala shuga avale nsapato, ndipo aziyang'ana mapazi ake madzulo alionse. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala amene dokotala anakupatsani. Funsani kuti akuyezeni magazi, pakuti safunsa anadya phula.

Pomaliza tikupemphani chinthu chimodzi. Lamulungu likudzali nyamukani msanga, banja lonse pamodzi, ndipo ndalama ya kabaza isungike ya mchere ndi sopo. Mawa lake yendaninso.